Tuba Yolira Kumanja

Achimwene anga amakhala pa mzere womaliza wa bandi ya mzinda, woimba ng'oma kumanzere kwawo, khoma kumanja. Anzawo amawatcha a Kumbuyo. Pa zithunzi zonse za bandi zimene tili nazo nkhope yawo sioneka. Chimene chimaoneka ndi kukamwa kwa tuba, chilipenga chachikulu cha mkuwa chija munthu amachita kuchifukata pamiyendo, ndi kachidutswa ka chipewa pambali pake. Mayi athu asanamwalire ankaloza chipewacho n'kuuza alendo kuti mwana wawo ndi ameneyo.

Ine ndine mchemwali wawo, wamng'ono kwa iwo ndi zaka zinayi, ndipo ndimasoka. Mayunifolomu a bandi imeneyi amadutsa pa makina anga, moti ndimadziwa amene wanenepa ndi amene wayamba kudwala asanauze n'komwe mkazi wake. Koma ntchito yanga yakale kwambiri, imene sindinalandirirepo ngakhale zikomo, ndi yokhala khutu la achimwene.

Inayamba iwo ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Kusukulu anawapatsa tuba osati chifukwa cha luso, koma chifukwa m'kalasi monse ndi iwo okha amene mikono yawo inkakwanitsa kuizungulira. Ankabwera nayo kunyumba Loweruka, n'kukhala pa bokosi kuseri kwa nyumba zosanjikizana zimene tinkakhalamo, ine n'kundituma kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi migolo ya zinyalala. Lamulo linali lakuti ndiyang'ane khoma, ndisawaone. Mawu akandifika athunthu, ndikweze dzanja. Akafika ophwanyika kapena okhota, manja akhale pansi. Ndikadandaula za fungo la migolo ankandiuza kuti khutu silinunkhiza.

Sizinali nkhanza chabe, ngakhale nkhanzazo zinalimo. Woimba tuba samva zimene anthu ena akumva. Pamene iye wakhalapo pamamveka milomo ikunjenjemera, mpweya ukuwomba, mavavu odina ndi zala aja akugogoda ndi malovu akuwira m'mipaipi. Mawu enieni amakapangikira kutsogolo, mapazi makumi awiri kapena kuposa apo. N'chifukwa chake woimba wanzeru amakhala ndi munthu womumvera ali patali, ndipo akamakasankha tuba yatsopano sapita yekha. Ine ndinakweza ndi kutsitsa dzanja limeneli kwa zaka pafupifupi makumi anayi, ndipo sindinawanamizepo ngakhale kamodzi. Ndinkanyadira zimenezo kuposa mmene ndinkanyadira kusoka kwanga.

Achimwene anakwatirapo. Alamu anga anapirira zaka zisanu ndi zinayi, kenaka anamanga katundu wawo n'kunena kuti m'nyumba muja munali kale mkazi wamkulu wa mkuwa, wokhala ndi mpando wake ndi nsalu yake yofunda. Sanakangane, ndipo mpaka lero amapatsana moni pamsewu. Kuyambira pamenepo achimwene amakhala okha m'chipinda cha pansi kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene palibe amene angadandaule za phokoso. Ine ndili ndi kiyi wa chipindacho, koma sindinkamugwiritsa ntchito, chifukwa ankazindikira mapazi anga ndisanafike n'komwe pakhomo.

Chaka chimene ndikunenachi anali atakwanitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi pa mpando wawo, ndipo ndi chaka chomwecho chimene bandi inalandira wotsogolera watsopano. Anali munthu wowonda, wosaseka, ndipo kamtengo kake kotsogolera nyimbo sankakaika pansi ngakhale pomwa tiyi, moti sabata isanathe onse ankamutcha Kamtengo. Ameneyu anali ndi makutu ngati a mleme. Anayamba kuimitsa bandi yonse pakati pa nyimbo n'kuloza kumbuyo. Tsiku lina ankati tuba yachedwa kulowa, tsiku lina yakweza mawu kwambiri, tsiku lina noti yake yakhotera m'mwamba. Sankakalipa. Ankangolemba m'kabuku kake, ndipo kulembako n'kumene kunkaopsa.

Kenaka anabweretsa nyimbo imene tuba imaimba yokha, m'mwamba, bandi yonse itatsitsa mawu. Tuba yaikulu yakale ija singakwere pamenepo bwinobwino. Pamafunika yaing'ono, yotchedwa ya F, chifukwa ukauzira osadina chilichonse noti imene imatuluka ndi F. Kamtengo anauza achimwene kuti bandi ivomera kugula imodzi, asankhe okha, koma kusankha kwake ndi kamodzi. Pakatha masabata atatu, Lachisanu m'mawa, adzaimbe nyimboyo pamaso pa onse. Ikadzapanda kumveka mmene iye akufunira, mpandowo udzapita kwa mayi wina amene anali atabwera kale ndi mapepala ake a kusukulu ya nyimbo.

Achimwene anandiuza zimenezi m'chipinda changa chosokera, ndikuwayeza jekete. Ankaseka, kunena kuti vuto lonse ndi chitsulo chakale chija, chatopa, ndipo akangopeza tuba yabwino Kamtengo adzameza kabuku kake. Ine ndinali nditaluma mapini, ndipo ndinathokoza mapiniwo pondipatsa chifukwa chosayankhira.

Ndinali nditaona zinthu. Foni imene kuyambira kale ankaiika ku khutu la kumanzere inali itasamukira kumanja. Tikamayenda mumsewu ankandizungulira mwaulemu ngati akundipatsa njira, mpaka ine ndikhale kumanja kwawo. Tsiku lina ketulo inalira mpaka madzi kutha iwo ali pomwepo, akupukuta nsapato. Ine ndine munthu wolongolola, aliyense pamsewu wathu angachitire umboni, koma pa nkhani imeneyi ndinatseka pakamwa. Ndinkaopa. Ndinkaganiza kuti ndikangoitchula dzina ikhala yeniyeni.

Tinapita Lachiwiri m'mawa kwa mmisiri wa malipenga. Malo ake ali pamwamba pa sitolo ya magalasi a mawindo, ndipo pokwera masitepe umamva pansi pako akudula galasi. Chipindacho ndi chachitali ngati khonde, chifukwa kale ankasungiramo makalapeti. Mbali imodzi kuli tebulo la zipangizo, mbaula ya gasi ndi bafa lakale lodzaza madzi lomizamo malipenga pofufuza pobooka. Mumanunkha mafuta ndi mtovu wosungunuka. A Mmisiri ndi bambo wachikulire, wamfupi, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Anatipatsa moni, n'kuyang'ana achimwene nthawi yaitali kuposa mmene moni amafunira.

Anali atayala matuba atatu a F pa kalapeti yotsala. Yoyamba inali ya mkuwa wachikasu, yowonda, ya mavavu ozungulira amene umadina timanja take ndi zala. Yachiwiri inali ya mkuwa wofiirira, yonenepa, yokula kukamwa, ya mavavu otsika ndi kukwera oikidwa kutsogolo. Yachitatu inali yaing'ono kuposa zinzake, yokutidwa siliva, mavavu ake ali pamwamba. Iyi sinali pa kalapeti penipeni. A Mmisiri anali ataisiya pa choimikira chake pafupi ndi khoma, ngati kuti aitulutsa chifukwa choti achimwene aiona kale.

Anatifotokozera pang'ono. Yowondayo, anatero, imaimba m'mwamba ngati munthu, koma ukatsika nayo pa C ya pansi imatsamwa, uyenera kuinyengerera. Yofiirirayo ilibe vuto limenelo, mawu ake ndi ofunda, amadzaza chipinda, kungoti imadya mpweya wambiri. Atafika pa yasiliva anangoti ndi yopepuka. Kenaka anakumbutsa achimwene lamulo la pamalopo, limene iwonso analilandira kwa amene anawaphunzitsa ntchito: tuba situluka pakhomo mpaka munthu womvera ali patali atakweza dzanja.

Ndinayenda mpaka kumapeto kwa chipinda n'kuyang'ana khoma. Panali kalendala ya chaka chakale ndi msomali wopanda kanthu. Kumbuyo kwanga ndinamva achimwene akukhala pa mpando, akuvala kachitsulo kawo ka pamilomo kamene amayenda nako m'thumba, akuuzira mpweya wofunda m'mipaipi. Sindinkayenera kudziwa kuti anyamula iti.

Koma matuba amenewa sabisika. Itayamba kulira yoyamba ndinadziwa kuti ndi yowonda ija. M'mwamba inali yokoma, yosalala, ngati mayi akuimbira mwana chapansipansi. Atatsika nayo inafika pa noti ija n'kuchita ngati munthu wa chimfine, ndipo achimwene anaikakamiza m'malo moinyengerera, iyo n'kukana. Manja anga anakhala pansi.

Yotsatira inandigwira kumsana ndisanaimve m'makutu. Inali yofiirira ija. Mawu ake anabwera otambalala, olemera, mpaka msomali wa pakhoma unanjenjemera, ndipo pansi paja wodula magalasi analeka kaye ntchito. Sindinamvepo achimwene akumveka chonchi chiyambire. Dzanja langa linali litayamba kale kukwera pamene anafika pa manoti a m'mwamba a nyimbo ya Kamtengo ija. Pamenepo china chinakhota. Osati kwambiri, munthu wamba sakanamva, koma noti iliyonse inkafika itapendekera pang'ono, ndipo achimwene sankaiwongola. Woimba akamva kuti wakhota amawongola ndi milomo nthawi yomweyo, osaganiza n'komwe. Iwo ankangopitiriza. Dzanja linaima pachifuwa, ndipo ndinadziuza kuti n'chifukwa choti sanaizolowere.

Yachitatu inali yasiliva. Mawu ake anali owuma, owongoka, opanda mafuta. Sankadzaza chipinda, ankangodutsa pakati pake n'kudzandibaya pakhosi. Sindinaikonde ngakhale pang'ono. Koma noti iliyonse inali pamalo pake, kuyambira pansi mpaka pamwamba, ngati mzere wosoka ndi makina atsopano.

Tinabwereza katatu, a Mmisiri akusinthasintha ndondomeko kuti ndisaloweze. Katatu konse ine ndinanena kuti yokoma ndi yofiirira, ingofunika kuizolowera. Katatu konse achimwene anakuwa kuchokera uko kuti ndakalamba, makutu anga adzaza ulusi, yasilivayo ndiye tuba. Anali osangalala ngati mwana. Ankati iyi ikuwayankha, iyi ikulankhula nawo, zinazo zili ngati zikulira m'nyumba ya eni. Ine ndinawayankha kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, akopeka ndi kuwala kwa siliva basi. Sanayankhe, ndipo sindinadziwe ngati anyoza kapena sanamve.

A Mmisiri anauza achimwene kuti aipukute madzi kaye, a Mmisiriwo n'kubwera kudzaima pafupi ndi ine, nawonso akuyang'ana kalendala yakale ija.

"Mayi, mukamayenda ndi achimwene anuwa mumakhala mbali iti?"

"Kumanja kwawo."

"Kuyambira liti?"

Ndinati mwina chaka chatha. Anagwedeza mutu. Anandiuza kuti chaka chomwecho achimwene anabweretsa tuba yawo yakale kanayi, kunena kuti ikutaya mpweya, mawu ake achepa. Kanayi konse anaimiza m'bafa lija, osatuluka ngakhale kathovu kamodzi. Kenaka anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane bwino mmene matuba atatuwo amakhalira pamiyendo ya munthu.

Ndinayang'ana, ndipo ndinachita manyazi kuti mkazi wogwira ntchito ya maso sindinaone msanga. Tuba ya mavavu a kutsogolo, ngati ziwiri zija ndi yakale ya achimwene, kukamwa kwake kumakhala kumanzere kwa mutu wa woimba. Ya mavavu a pamwamba imapendekera mbali inayo. Achimwene anali atakhala ndi yasiliva ija pamiyendo, kukamwa kwake kuli pafupi ndi khutu lawo la kumanja, kutalikirana kwake ngati chikhatho chimodzi. Kwa zaka zoposa makumi atatu chitsulo chinalira pa khutu la kumanzere, ng'oma ikuthandizira mbali yomweyo, mpaka khutulo linazima. Tsopano anali atapeza tuba yolira pa khutu limene latsala.

"Yasiliva ija ndaigulitsa kawiri," anatero a Mmisiri. "Konse kuwiri inabwerera ili bwinobwino, yosaphwanyika paliponse. Koyamba anaibweretsa ndi mkazi wa mwini wake. Kachiwiri mwana wamkazi."

Ndinafunsa ngati eni akewo anamwalira. Anati ayi, onse ali moyo. Mmodzi amakhala misewu iwiri kuchokera pamenepo, amathirira maluwa pakhonde pake, ndipo ukamupatsa moni amamwetulira, ukamufunsa njira amamwetuliranso. Onse awiri anabwera kudzagula atapendeketsa mutu ngati mmene achimwene akuchitira. Woyamba anaimba nayo zaka zisanu ndi chimodzi, wachiwiri zinayi. A Mmisiri anawonjezera kuti iwo si dokotala, mwina zinangochitika mwangozi, ndipo sakana kugulitsa katundu kwa munthu wamkulu amene akumufuna. Koma dzanja ndi langa.

Chipinda chija chinanditalikira pobwerera. Achimwene anali ataweramira tubayo, akuipukuta ndi mpango wawo. Ndinazungulira kumbuyo kwa mpando, ndinaima kumanzere kwawo, ndinaweramira pa khutu n'kunena dzina lachipongwe limene ndinkawatcha tili ana, limene ankandithamangitsa nalo bwalo lonse. Mpango unapitiriza kuyenda pa siliva. Ndinalinenanso mokweza pang'ono. Kenaka ndinapita kumanja.

"Wanena chiyani kumanzereko?" anandifunsa osadzutsa mutu. "Ndamva mpweya wako patsaya."

Ndinati ndawatukwana. Anati ankayembekeza zomwezo. Anapinda mpango uja kanayi n'kuuika pa bondo, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti nkhani imene ndinkaopa kuwauza iwo anali akuidziwa kalekale.

"Linayamba kuzima zaka zitatu zapitazo, chemwali. Poyamba linkalira lokha, kenaka linangoti zii. Yofiirirayo ndikudziwa kuti ndiye yabwino, ndaimva m'mano ndi m'nthiti. Koma ndikamaiimba ndili ngati ndikulankhula m'madzi. Ikakhota sindingadziwe. Kamtengo adziwa."

Pamenepo mkwiyo wanga unatuluka, ndipo unatuluka wonse. Ndinawauza kuti ndi munthu wopusa, wamkulu thupi chabe. Ndinati khutu si batani loti likaduka ndikasokerapo lina. Ndinawauza za bambo wothirira maluwa uja. Ndinati asiye bandi, aphunzitse ana, kapena abwere kwanga azidzasita mayunifolomu, ntchito ilipo yambiri ndipo simbi silira pa khutu la munthu. Ndinati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo iwo atsala ndi imodzi yokha. Zonsezi ndinkanena nditaima kumanja kwawo, pafupi, ndipo ndinazindikira ndili m'kati molankhula kuti ndasankha malo amenewo osaganiza, ngati munthu amene anazolowera kale.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka anandifunsa kuti ndikawachotsa kumbuyo kuja ndikawaika kuti. Anati alibe mkazi, alibe mwana, nkhope yawo siili pa chithunzi chilichonse. Chimene ali nacho ndi mphindi ija bandi yonse imakhala itatsamira pa noti yawo popanda wina wodziwa kuti watsamira pa ndani. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo iwo anawerengera kale zonse zimene ndikunenazo, ali okhaokha m'chipinda chawo, kambirimbiri.

A Mmisiri anabwera ndi kapaketi ka timapulagi ta m'makutu, tofewa, tachikasu, n'kunena kuti timachepetsako phokoso. Achimwene anathokoza mwaulemu n'kukaika m'thumba. Anati adzayesa, kungoti munthu wa khutu limodzi akalitseka sangamvenso anzake akulowa.

Kenaka ananditembenukira.

"Sindikukufunsa kuti yokoma ndi iti. Sindinakufunsepo zimenezo chiyambire. Pita kukhomako. Ikafika yathunthu, ukweze. Ikapanda kufika, usakweze, ndipo tibwerera kunyumba chimanjamanja, sindidzakudandaula."

Ndinabwerera kukhoma kuja. Ndikunena zoona kuti ndinapita nditatsimikiza mtima kunama. Zinali zophweka. Manja akanangokhala pansi, a Mmisiri sakanatulutsa tubayo, achimwene akanabwerera ku yakale ija, Lachisanu lija akanakhota pamaso pa Kamtengo, mpando ukanapita, khutu likanatsala. Akanandida mwina chaka chimodzi, koma akanatha kumva ndikuwapepesa.

Anayamba nyimbo ija kuyambira pachiyambi. Ndinamvetsera ngati mdani, ndikusakasaka pamene angaphonye, kanoti kamodzi kokha koti ndigwirirepo bodza langa. Anakwera pang'onopang'ono. Pena pake noti inayamba kupendekera, ine n'kuganiza kuti ndapeza pogwira, koma nthawi yomweyo anaiwongola, mwachangu, ngati mmene ankachitira kale. Anali akudzimva. Mawuwo anali owuma ndithu, sanandikomere mpaka mapeto, koma munali munthu m'kati mwake, munthu wosangalala. Anafika pa noti yomaliza ya pamwamba n'kuigwira nthawi yaitali, yosagwedezeka, mpaka inatha yokha.

Pansi wodula magalasi anakanda galasi lake n'kulithyola. Ndinaganiza za migolo ya zinyalala ija, ndi mnyamata wa mikono yaitali amene ankakhulupirira msana wa mchemwali wake kuposa makutu ake omwe. Inali itafika yathunthu. Ndinakweza dzanja, ndipo sindinatembenuke mpaka nkhope yanga itauma.

Lachisanu lija ndinakhala pa mpando womaliza wa holo yophunzirira, ndi mtolo wa mayunifolomu pamiyendo ngati chifukwa chobwerera. Achimwene anaimba osaphonya. Kamtengo sanaimitse bandi, sanaloze kumbuyo, sanatsegule kabuku. Atamaliza anangoti tuba imeneyo mawu ake ndi owonda, koma ali pamalo pake, ndipo anauza onse kuti atsegule nyimbo yotsatira. Mayi wa mapepala uja anakapeza malo ku bandi ina. Masana amenewo achimwene anandigulira nsalu ya buluu ya mamita anayi, yoyamba kundigulira chibadwire, ndipo ndinaiika m'kabati osaidula.

Papita zaka zitatu tsopano. Mpando udakali wawo. Yaikulu yakale ija anaisiyiratu, amaimba zonse ndi yasiliva, ndipo Kamtengo anazolowera. Jekete lawo limabwera kwa ine kawiri pachaka. Nthawi iliyonse ndimapisa m'thumba la m'kati ndisanalichape, ndipo nthawi iliyonse ndimapeza kapaketi kachikasu kaja kosatsegula, kataphwatalala. Ndimakabwezera momwemo jekete likauma.

Tikamayenda ndimakhalabe kumanja kwawo. Kuyambira miyezi ya mvula yapitayi ayamba kutembenuza nkhope yonse ndikamalankhula, ndipo sayang'ana m'maso mwanga, amayang'ana pakamwa. Amaseka nthabwala zanga mochedwa pang'ono, akaona kuti ine ndayamba kuseka. Sitinakambiraneponso za nkhaniyi. Iwo samayamba, ndipo ine amene ndinakweza dzanja ndilibe pakamwa poyambira.

Lolemba lapitali anandituma kukawagulira mafuta a mavavu. Ndinakwera masitepe aja, ndinapeza a Mmisiri akumiza lipenga la munthu wina m'bafa. Chipinda chinali chodzaza kuposa kale, malipenga mpaka pansi pa tebulo, ena atapachikidwa kudenga chifukwa chosowa malo. Koma pafupi ndi khoma choimikira cha yasiliva ija chinali pomwe paja, chopanda kanthu, chopukutidwa bwino. Ndinafunsa chifukwa chake saikapo tuba ina pamene akusowa malo chonchi. Anapukuta manja pa epuloni n'kunena kuti chinapangidwira imeneyo, ina siikwanapo. Kenaka anafunsa kuti achimwene ali bwanji, ndipo ndinati ali bwino.

Kuchoka pamenepo ndinapita kuseri kwa depoti. Inali nthawi ya masana, mabasi ambiri atatuluka, msewu uli phee. M'chipindamo simunkamveka tuba kapena wailesi. Ndinagogoda. Ndinadikira, ndinagogodanso ndi mphamvu. Kachitatu ndinamenya ndi botolo la mafuta lija mpaka mayi wa chipinda cha pamwamba anasuzumira pawindo.

Ndinapita pa windo la achimwene n'kuyang'ana pakati pa makatani. Anali atakhala pa mpando wawo, mapazi atatu kuchokera pachitseko, tuba ili pamiyendo, akuipukuta ndi mpango modekha. Mbali imene inaloza kuchitseko inali ya kumanja.

Ndinatsegula chikwama changa n'kuyamba kufufuza kiyi uja.